Kodi kuwerenga DNA ya bowa wakupha kungateteze anthu odya bowa wakuthengo?

Mayi Nkhoma:
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha anzathu odziwa za sayansi ndi zachipatala kuti atiunikire pa nkhani imene yakhala ikundivuta kumvetsa. Kukumveka kuti ofufuza akuwerenga DNA yonse ya mitundu ya bowa wakupha, makamaka Amanita phalloides, amene akuti mwa anthu 10 alionse omwalira atadya bowa padziko lonse, pafupifupi 9 amaphedwa ndi iyeyu. Ntchitoyi imadya ndalama ndi nthawi yambiri, ndiye ndikufuna kudziwa kuti phindu lake limafika bwanji kwa munthu amene wazula bowa kuthengo, kapena amene wagula bowa wouma, ndipo akufuna kutsimikiza kuti banja lake silipwetekeka likadya.

Bambo Gondwe:
Zikomo Mayi Nkhoma chifukwa cha funsoli. Ine ndimagwira ntchito m'labotale yoyeza DNA, choncho ndifotokoza kaye zimene kuwerengaku kwavumbula, ndipo za phindu lake kwa wodya tithandizana tonse.

Poizoni wa bowa ameneyu anadziwika kalekale anthu asanayambe kuwerenga DNA. Mu 1941, Heinrich Wieland ndi Rudolf Hallermayer ku Germany anapatula poizoni wotchedwa amanitin m'bowayo, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti ndi kamphete ka ma amino acid 8 (tizigawo timene timalumikizana n'kupanga mapuloteni) kamene kamatseka enzyme, kapena kuti puloteni yoyendetsa ntchito m'selo, yotchedwa RNA polymerase II. Enzyme imeneyi ndi imene imakopera malangizo a mu DNA kuti selo lipange mapuloteni, moti ikatsekedwa selo limaleka kupanga mapuloteni atsopano n'kumafa pang'onopang'ono. Chimene chinali chisanadziwike n'chakuti bowayo amapanga bwanji poizoniyu. Ambiri ankaganiza kuti pali enzyme yaikulu yolumikiza ma amino acid amenewa, monga zimachitikira m'mitundu ina ya nkhungu, ndipo gulu la Jonathan Walton ku Michigan State University linaifunafuna osaipeza. Atawerenga zidutswa zambirimbiri za DNA ya Amanita bisporigera, bowa woyera wa ku North America, mu 2007 analengeza kuti apeza jini, kutanthauza kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo opangira puloteni, imene anaitcha AMA1. Jini imeneyi imapangitsa kapuloteni ka ma amino acid 35, kenako enzyme ina yotchedwa POPB imadulapo 8 apakati n'kulumikiza nsonga zake ziwiri kuti pakhale mphete ija. Zinapezekanso kuti AMA1 ili ndi majini ena ofanana nayo, onse pamodzi otchedwa MSDIN, ndipo mitundu ina ya Amanita ili nawo pafupifupi 30. DNA yonse ya chamoyo, imene asayansi amaitcha genome, ikawerengedwa, munthu atha kufufuzamo majini amenewa pa kompyuta n'kudziwa ngati bowayo ali ndi zida zopangira amanitin.

Bambo Tembo:
Bambo Gondwe, mwafotokoza momveka, koma ndikuona kuti funso la Mayi Nkhoma lidakalipobe. Munthu wonyamula dengu kuthengo alibe makina owerengera DNA, ndipo sangadikire sabata kuti labotale imuyankhe bowa wake akuvunda. M'mayiko onse kumene anthu amadya bowa wakuthengo muli akatswiri amene amazindikira mitundu yake ndi maso okha, ndipo akhala akudya kwa mibadwo yambiri popanda kudziwa kuti AMA1 n'chiyani. Kodi si bwino ndalamazo zikanapita pophunzitsa anthu kuzindikira bowa?

Mayi Kachingwe:
Bambo Tembo, kuphunzitsa anthu n'kofunikadi, ndipo pa ntchito yanga yoyendera malo okonzera zakudya ndimakulimbikitsa. Koma luso la maso limagwira ntchito pokhapokha ngati munthuyo ndi bowayo akhala m'dera limodzi kwa nthawi yaitali, pomwe masiku ano onse awiri amasamuka.

Munthu akasamuka amatenga luso la kwawo n'kukaligwiritsa ntchito m'nkhalango yachilendo. Anthu a ku Southeast Asia amadya kwambiri bowa wotchedwa Volvariella volvacea, amene akadali wamng'ono amafanana zedi ndi Amanita phalloides, popeza onse awiri amatuluka m'kathumba kamene kamatsala m'munsi mwa tsinde. Kusiyana kwake kuli pa timbewu, chifukwa ta Volvariella n'tofiirira pomwe ta Amanita n'toyera, koma bowa wosatambasuka sasonyeza zimenezi. Anthu awiri a ku Canberra, m'dziko la Australia, anamwalira kumayambiriro kwa 2012 atadya Amanita phalloides pa chakudya cholandirira chaka chatsopano, ndipo zikuganiziridwa kuti anasokoneza mitundu iwiri imeneyi.

Bowa nayenso amasamuka. Kwawo kwa Amanita phalloides ndi ku Europe, koma popeza amakhala pa mizu ya mitengo monga oak, anayenda ndi mbande mpaka kukafika ku North America, South America, South Africa, Australia ndi New Zealand. Katswiri wa bowa Anne Pringle ndi anzake anayeza DNA ya bowa wakale wosungidwa m'nyumba zosungiramo zomera zouma, ndipo mu 2009 anasonyeza kuti wa ku California ndi wobwera, komanso kuti chitsanzo chakale kwambiri chotsimikizika chinazulidwa ku Monterey mu 1938. Zitsanzo zina zakale zolembedwa dzina lomwelo zinapezeka kuti zinali za mitundu ina, kutanthauza kuti ngakhale akatswiri a bowa anali atanamizidwa ndi maso awo. Ku California bowayu anazolowera mitengo ya komweko n'kuchulukana, moti mu December 2016 mokha anthu 14 anadwala atamudya, ndipo 3 mwa iwo anachita kuikidwa chiwindi china.

Mayi Jere:
Pepani kuti ndikudulani pakamwa, koma ndikufuna ndifunse za njira zimene anthu a m'mayiko ambiri amazikhulupirira. Ena amati supuni yasiliva imada ikaikidwa mumphika wa bowa wakupha, ena amati bowa wodyedwa ndi tizilombo kapena nkhono ndi wabwino, ndipo enanso amati ukamuwiritsa n'kutaya madzi ake, kapena ukamuyanika, poizoni amatha. Kodi pa zonsezi palibe ngakhale imodzi imene sayansi yavomereza?

Dokotala Mbewe:
Mayi Jere, pa bowa wokhala ndi amanitin palibe ngakhale imodzi. Siliva sasintha mtundu chifukwa cha poizoni ameneyu. Nkhono zimadya Amanita phalloides bwinobwino, ndipo pali mitundu ya tintchentche imene mphutsi zake zimakulira m'bowa wakupha popanda vuto, choncho zibowo za tizilombo sizinena kanthu za chiwindi cha munthu. Mphete imene Bambo Gondwe afotokoza ija ndi yolimba kwambiri, moti kuwiritsa, kukazinga, kuyanika kapena kuika mufiriji sikuiphwanya. Kuwiritsa n'kutaya madzi kumachepetsa poizoni wa mitundu ina, ndipo n'kutheka kuti chikhulupirirochi chinachokera pamenepo, koma kukhulupirira njirayi pa bowa wosadziwika n'kuika moyo pachiswe. Mlingo wa mamiligalamu 0.1 pa kilogalamu iliyonse ya thupi utha kupha, ndiye munthu wolemera makilogalamu 70 akumfunika mamiligalamu 7 okha, amene atha kupezeka m'chipewa chimodzi cha bowa wokhwima.

Choopsa kwambiri ndi mmene matendawa amayendera. Munthu amadya, ndipo opulumuka ambiri amati bowayo anali wokoma. Kwa maola 6 mpaka 24 samva chilichonse, amagona n'kudzuka ali bwino. Kenako kumayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba kwamadzi okhaokha, kwamphamvu ngati kolera, mpaka maso kulowa m'kati ndi milomo kuuma. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri zimenezi zimaleka, wodwalayo amakhala tsonga, amapempha chakudya, ndipo achibale amayamba kulongedza katundu poganiza kuti wachira. Ukamuyeza magazi panthawi imeneyo umapeza kuti ma enzyme a chiwindi akukwera modetsa nkhawa, chifukwa poizoni uja walowa m'maselo a chiwindi, akutuluka ndi ndulu kupita m'matumbo, n'kuyamwidwanso kubwerera kuchiwindi komweko. Pofika tsiku lachitatu mpaka lachisanu maso amachita chikasu, magazi amaleka kuundana, mutu umasokonezeka, ndipo nthawi zambiri impso nazo zimafooka.

Chithandizo chimene chilipo ndi madzi ambiri a m'diripi, makala a kuchipatala ogwira poizoni m'matumbo, silibinin wochokera ku chomera cha Silybum marianum amene amachepetsa kulowa kwa poizoni m'chiwindi, N-acetylcysteine, ndipo m'malo ena penicillin. Zikakanika, chotsala ndi kuika chiwindi china. Zonsezi zimathandiza kwambiri zikayambika msanga, n'chifukwa chake chimene ine ndimafuna kwa a labotale ndi dzina la bowayo m'maola ochepa.

Bambo Gondwe:
Adokotala, pamenepa m'pamene DNA yathandiza kwambiri, koma tisiyanitse ntchito ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. Kuwerenga genome yonse, imene m'bowa wotere imakhala ndi zilembo za DNA mamiliyoni makumi angapo, ndi ntchito ya kafukufuku imene imatenga nthawi. Kupeza dzina la bowa kumangofuna kachidutswa kamodzi ka zilembo mazana angapo kotchedwa ITS, kamene mu 2012 akatswiri anagwirizana kuti kakhale chizindikiro chachikulu cha mitundu ya bowa ndi nkhungu.

Zimene zimafika kwa ife nthawi zambiri sizioneka ngati bowa. Kumabwera tizidutswa taterere totsalira mumphika, tosakanikirana ndi mafuta, kapena masanzi a wodwala m'kabotolo. Timasankha kachidutswa ndi kopanira, timakatsuka, timakapera m'kachubu, timapatula DNA, kenako makina a PCR amachulukitsa kachigawo ka ITS mpaka kakwane kuwerengedwa. Chipewa, mtundu ndi fungo zimakhala zitatayika pophika, koma DNA yokwanira imatsalabe nthawi zambiri. Phindu la genome yonse ndi lakuti imatipatsa malo oyenera kulozako popanga mayeso achangu. Popeza tikudziwa zilembo za AMA1, tingapange mayeso ofunafuna jini yeniyeniyo, ndipo njira monga LAMP, imene imagwira ntchito pa kutentha kumodzi popanda makina okwera mtengo, imatha kupereka yankho pafupifupi mu ola limodzi.

Vuto limene timalimbana nalo ndi lakuti zilembo zimene tawerenga timaziyerekezera ndi zimene ena anaika m'nkhokwe za DNA za pa intaneti monga GenBank, ndipo zina mwa izo zinaikidwa ndi mayina olakwika. Nkhokwe ya UNITE inakhazikitsidwa kuti akatswiri aziwunika zimenezi, komabe bowa wa m'madera otentha wawerengedwa wochepa poyerekeza ndi wa ku Europe ndi North America, moti kompyuta itha kukupatsa dzina la wachibale wake wakutali ngati kuti ndiye mwini.

Mayi Kachingwe:
Ndikufuna kuwonjezera za bowa wogulitsa, chifukwa akadulidwa n'kuumitsidwa ngakhale katswiri amagwira njakata. Mu 2014, Bryn Dentinger ndi Laura Suz a ku Royal Botanic Gardens, Kew, anayeza DNA ya zidutswa 15 za m'paketi imodzi ya bowa wouma wa porcini yogulidwa ku London, ndipo anapezamo mitundu itatu imene inali isanapatsidwe n'komwe mayina a sayansi. Mitunduyo sinali yakupha, koma zinasonyeza kuti zolembedwa pa paketi ndi zimene zili m'kati zitha kusiyana. Lero n'zotheka kupera bowa wosakanikirana n'kuwerenga mitundu yonse imene ili m'menemo nthawi imodzi, ndipo kwa oyang'anira zakudya chimenechi ndi chida champhamvu.

Chofooka chake chili pa katengedwe ka chitsanzo. Ngati m'thumba lalikulu muli bowa wakupha mmodzi yekha, ndipo dzanja la woyeza latapa mbali ina, labotale ilemba kuti zonse zili bwino pomwe imfa ili m'thumba lomwelo. Ndikumbutsenso kuti pali mayeso ofunafuna poizoni weniweniyo m'malo mwa DNA. Mu 2020, Candace Bever ndi anzake a ku United States Department of Agriculture anapanga kapepala kogwira ntchito ngati koyezera mimba, kamene kamasonyeza amanitin m'madzi a bowa kapena mumkodzo pa mphindi pafupifupi 10. Kwa Adokotala Mbewe kapepala kotere mwina n'kothandiza kuposa makina athu onse.

Bambo Tembo:
Ndayamba kuona phindu lake kuchipatala ndi kwa oyang'anira malonda. Tsono ndifunse mosapita m'mbali: ngati genome ya bowa wina yawerengedwa yonse ndipo AMA1 mulibe, kodi tinganene kuti bowayo ndi wodyedwa?

Bambo Gondwe:
Ayi, Bambo Tembo, mpang'ono pomwe, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yonse. Mu genome timapezamo zokhazo zimene tikudziwa kale kuzifunafuna. Majini ambiri a bowa sitikudziwa ntchito yake, ndipo pali poizoni wambiri amene njira yopangira sinadziwike.

Cortinarius orellanus alibe amanitin, koma ali ndi poizoni wina wotchedwa orellanine amene amawononga impso, ndipo zizindikiro zake zitha kuchedwa kuyambira masiku 3 mpaka masabata awiri kapena kuposa. Ankaonedwa ngati wosaopsa mpaka pamene anthu 102 anadwala ku Poland mu 1952, 11 n'kumwalira, ndipo Stanisław Grzymala anachita kulondoloza odwalawo kuti apeze chimene chinawapweteka. Ku Yunnan, m'dziko la China, anthu pafupifupi 400 anafa mwadzidzidzi m'midzi ya m'mapiri pa zaka pafupifupi 30, ndipo mu 2010 ofufuza analoza kabowa koyera kamene pambuyo pake kanatchedwa Trogia venenata. Anakapeza poyenda m'midzi ndi kufunsa mabanja zimene omwalirawo anadya. Ku Japan, Pleurocybella porrigens ankadyedwa kwa zaka zambiri, koma mu 2004 anthu oposa 10 anamwalira ndi matenda a ubongo atamudya, ambiri mwa iwo ali odwala impso kale. Paxillus involutus ndiye wovuta kwambiri, chifukwa munthu atha kumudya kambirimbiri osadwala, kenako tsiku lina chitetezo cha m'thupi mwake n'kuyamba kuphwanya maselo ake omwe a magazi. Katswiri wa bowa wa ku Germany, Julius Schäffer, anamwalira mu 1944 atadya bowa ameneyu. Pa mitundu iwiri yomalizayi ngozi ikudaliranso thupi la wodyayo, zimene genome ya bowa singakuuzeni.

Ngakhale pa amanitin, genome yatichenjeza zinthu ziwiri. Choyamba, poizoniyu sali mu Amanita mokha, alinso mu Galerina marginata, kabowa kofiirira komera pa mitengo yovunda, ndiponso m'mitundu ina ya Lepiota. Magulu atatuwa si apachibale kwenikweni, ndipo kafukufuku wa Hong Luo ndi anzake a ku Kunming Institute of Botany, wofalitsidwa mu 2022, anasonyeza kuti majiniwo anachita kudumphira m'magulu amenewa kuchokera ku bowa wa mtundu wina m'malo motengera kwa kholo limodzi. Kupewa bowa wokhala ndi kathumba m'munsi sikukwanira, popeza Galerina alibe kathumbako. Chachiwiri, mu 2023 gulu la Anne Pringle ku University of Wisconsin–Madison linayerekezera ma genome ambiri a Amanita phalloides n'kupeza kuti majini a MSDIN amasiyana pakati pa bowa a mtundu umodzi womwewo. Jini ikapezeka timadziwa kuti bowayo angathe kupanga poizoni, koma kuchuluka kwake m'chipewa chimene chili pa mbale kumafuna kuyeza kwa mtundu wina.

Mayi Nkhoma:
Ndamvetsa tsopano kuti mayesowa atha kutsutsa bowa koma sangamuvomereze. Adokotala, ndinamvanso zoti kwapezeka mankhwala othetsa poizoni ameneyu kudzera m'kafukufuku wa majini. Kodi ndi zoona?

Dokotala Mbewe:
Mayi Nkhoma, kafukufukuyo alipodi, koma anayang'ana majini a munthu osati a bowa. Mu 2023, gulu la Qiaoping Wang ku Sun Yat-sen University linagwiritsa ntchito njira yodulira DNA yotchedwa CRISPR pozimitsa majini m'maselo a munthu, imodziimodzi, kuti lione maselo amene angapulumuke amanitin. Linapeza kuti maselo opanda jini ya STT3B amapirira, kenako linafufuza mankhwala ovomerezeka kale amene angatseke puloteni ya jiniyo, n'kupeza indocyanine green, utoto wobiriwira umene madokotala amabaya odwala pojambula mitsempha ya magazi. Mbewa zimene zinalandira utotowu zinapulumuka zambiri kuposa zimene sizinalandire.

Ndikupempha kuti tisathamangire kunena kuti mankhwala apezeka. Zimenezi zinachitika pa mbewa, ndipo utotowo unathandiza utaperekedwa pasanathe maola 4, pomwe utachedwa kufika maola 8 kapena 12 sunathandize kwenikweni. Odwala athu pa maola 4 amakhala akadali kunyumba akuseka, ndipo ambiri amafika kuchipatala madzi atafika kale m'khosi. Kwa ine phunziro la kafukufukuyu ndi lakuti ngati mmodzi mwa amene anadyera limodzi wayamba kusanza patatha maola 6 kapena kuposa, onse amene anadya apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale amene akumva bwino, ndipo wina asatulutsidwe chifukwa chongoti kusanza kwaleka magazi a chiwindi asanayezedwe mobwereza. Amanitin amatha msanga m'magazi koma amakhalitsako mumkodzo, choncho mkodzo woyamba usungidwe.

Mayi Jere:
Bambo Gondwe, ngati zoterezi zachitika ndipo pali bowa wotsala, kodi achibale amusunge motani kuti akafike ku labotale ali woyezeka?

Bambo Gondwe:
Mayi Jere, ngati pali bowa wosaphika, atenge wathunthu pamodzi ndi tsinde lonse mpaka pansi, chifukwa kathumba kaja kamabisala m'dothi ndipo ambiri amakadula pokonza. Zodulazo, ngakhale zitatayidwa kale ku zinyalala, azitole. Amukulunge m'pepala osati m'pulasitiki, popeza m'pulasitiki amachita thukuta n'kuvunda msanga, ndipo mabakiteriya akachuluka DNA imawonongeka. Mtundu uliwonse ukhale m'pepala lakelake, alembepo tsiku, malo ndi mitengo imene inali pafupi, ndipo amujambule pamwamba, pansi pa chipewa ndi m'munsi mwa tsinde asanafote. Zotsala za mumphika ndi masanzi aziike m'botolo loyera lotseka bwino n'kuzisunga pozizira. Ulendo ukakhala wa masiku angapo, kachidutswa ka bowa wosaphikayo kaumitsidwe pa kutentha kosapitirira madigiri 40 mpaka 45, kapena kaikidwe mufiriji youmitsa. Ogwira ntchito kuchipatala asaike chitsanzocho m'mankhwala osungira zitsanzo otchedwa formalin, chifukwa imaphwanya DNA n'kuimata ku mapuloteni, ndipo PCR imakanika kapena imapereka zotsatira zosadalirika.